Mkazi wa Aphunzitsi Ali Pansi pa Stafford

Stafford anabwerera ku Thyolo chaka cha 2007 ali pa galimoto yofiira, tayi ali pakhosi, khungu litasalala ngati la munthu amene anaiwala dzuwa. Anthu a m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, ankamukumbukira ngati mnyamata woyeza tiyi pa sikelo, wa nsapato zoyasama. Enid ankamukumbukira mwa mtundu wina. Ndiye anali woyamba kumufunsira, ndipo Enid anamukana chifukwa cha kachasu.

Lamulungu lina Enid anali kuchokera ku tchalitchi ndi mnzake Eneless, mayi wothyola tiyi amene ankaimba naye kwaya. Galimoto ija inaima pambali pawo, galasi n'kutsika.

"Mayi Gondwe! Ndinamva kuti munakwatiwa ndi aphunzitsi a ku Rumphi. Ife a konkuno tinachepa eti?"

"Zakale zimenezo, a Stafford. Muli bwanji?"

"Ndili bwino, ndiponso ndili mwa Ambuye. Mowa ndinasiya kalekale. Tabwerani muone zimene Mulungu wandichitira."

Anatsegula kumbuyo kwa galimoto. Munali makatoni a mabotolo obiriwira, sopo ndi mafuta odzola.

"Iyi ndi kampani ya Nyenyezi. Koma phindu lenileni silili pa kugulitsa ayi. Inu mumalowa pansi pa ine. Kenako mumapeza anthu asanu kuti alowe pansi pa inu, iwonso apeze awo. Aliyense akagulitsa, kanthu kamakwera mpaka kukupezani, inu mutangokhala pakhonde."

"Osanyamula dengu?" anafunsa Eneless.

"Dengu mudzaikiramo nkhuku zoikira mazira, mayi."

Eneless anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma Stafford anatenga botolo limodzi, n'kutsitsa mawu, maso ali pa Enid.

"Mayi wina wa ku Ndirande anakhala m'banja zaka zambiri wopanda mwana. Anamwa ili. Pano akuyamwitsa."

Enid anayang'ana kumbali, kumene tiyi ankakwera phiri mizeremizere. Panalibe amene sankadziwa pa esiteti ponse kuti ukwati wake ndi Suzgo Gondwe unali utapitirira zaka zitatu, ndipo kunyumba kwawo kunalibe thewera pa chingwe.

* * *

Kunyumbako sanalinso awiri. Mayi ake a Suzgo, a NyaMhango, anabwera mvula isanayambe, ati kudzaonetsa maso kuchipatala. Maso anaonetsa, mankhwala analandira, koma za kubwerera sankazitchula. Anabweranso ndi mtsikana wa kumudzi kwawo, dzina lake Suwi, wamsinkhu wokwatiwa, wofatsa pamaso pa anthu, ati azithandiza ntchito za pakhomo. Ntchito imene Suwi ankaikonda kwambiri inali kusita malaya a Suzgo.

Kuyambira pachiyambi a NyaMhango sanamufune Enid. Ankati mwana wawo anapita ku Thyolo kukagwira ntchito ya boma, osati kukatola mkazi m'munda mwa tiyi. Koma Suzgo analimba mtima. Ankayenda wapansi kukafika kwa Mphuka kwa makolo a Enid, nadya kalongonda ngakhale ankamuopa, mpaka ukwati unadalitsidwa.

Madzulo a tsikulo Enid anapeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba akukonza tcheni cha njinga. Anakhala pa chitsa namufotokozera zonse.

"Bizinesiyo ndi ya Stafford yemwe uja?" anafunsa Suzgo, osadzutsa mutu.

"Ndi ya kampani. Iye ndi wongondilowetsa."

"Enid, kodi pakhomo pano wagonapo ndi njala?"

"Ayi. Koma a Gondwe, mukapita kusukulu ine ndimatsala ndi amayi tsiku lonse. Akayang'ana mimba yanga amausa moyo. Ndikaphika, akuti mchere wachepa. Suwi akaphika, akuti ndiye chakudya. Ndiloleni ndikhaleko ndi kanthu kanga koti ndizidzukira."

Suzgo anapukuta manja pa chisanza. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwake munali chisoni chimene Enid sanachimvetse.

"Za botolo lobereketsalo usazikhulupirire," anatero. "Koma ngati mtima wako uli pamenepo, yamba. Ndikupempha ziwiri zokha. Usanamize munthu, ndipo m'galimoto ya munthu uja usakweremo."

Anagwirana manja pomwepo, mafuta a njinga ali m'zala, Suzgo napemphera kuti Mulungu adalitse ntchito ya manja a mkazi wake. Atati amen, Enid anamva katani ya pawindo la kukhitchini ikugwedezeka.

Kuti apeze zolowera ndi katoni yoyamba, Enid anagulitsa makina ake osokera, mphatso ya amalume ake ya pa ukwati.

* * *

Mabotolo sanayende. Amayi a m'malayini ankawagwira, kununkhiza, kufunsa mtengo, n'kuwabweza mwaulemu. Akazi a mabwana a ku fakitale anagulako sopo kamodzi, mwina chifukwa cha manyazi. Enid ankayenda kuchokera ku Boma mpaka kwa Chimaliro, chikwama chili paphewa, n'kubwerera nacho cholemera chimodzimodzi. Botolo limodzi ankamwa yekha mobisa, m'mawa uliwonse, atatseka maso chifukwa cha kuwawa.

"Vuto lanu mukugulitsa ngati wa tomato," anatero Stafford pa foni. "Pezani anthu. Kodi kutchalitchi kulibe anthu?"

Woyamba kulowa anali Eneless. Anagulitsa mbuzi yake yokhayo, yabere. Pambuyo pake analowa amayi ena awiri a kwaya. Tsiku lina atamaliza kuyeserera nyimbo m'tchalitchi, Enid anatulutsa mabotolo pa benchi la kumbuyo nayamba kufotokoza za mapointi ndi bonasi. Sanaone kuti mkulu wa mpingo, a Lackson, aima pakhomo.

"Mayi Gondwe, kodi ino yasanduka msika?"

"Pepani bambo, tinali titamaliza."

"Amayi awa amakukhulupirirani chifukwa mumaima nawo pamaso pa Mulungu. Katundu akapanda kugulidwa, adzalira ndi kampani kapena ndi inu?"

Enid anatsegula chikwama chake. Analongedzamo mabotolo aja.

Sabata isanathe, nkhani inali itawanda. Pa mjigo, pa chigayo, ngakhale pa mzere wa sikelo, mawu anali amodzi: mkazi wa aphunzitsi ali pansi pa Stafford. Ena ankanena mosadziwa kanthu. Ena ankanena akutsinzinirana diso.

Amene anawafikitsa mawuwo kunyumba anali Suwi. Anawatula pa nthawi ya chakudya, akuthirira Suzgo madzi osamba m'manja.

"Alamu, ine Chichewa sindichidziwa bwino," anatero kwa Enid ndi nkhope ya mwana. "Kodi akamati muli pansi pa a Stafford, ndiye kuti chiyani?"

A NyaMhango anaseka kamodzi kokha, kowuma. Suzgo anasamba m'manja, n'kudzuka osadya.

* * *

Foni ya pakhomopo inali imodzi, ndipo masana inkatsala ndi Enid chifukwa cha bizinesi. Loweruka lina analowa kubafa ataisiya pa tebulo. Atatuluka anapeza Suzgo ataigwira, Suwi akusesa pafupi pamalo poyera kale.

Suzgo anawerenga mokweza, mawu ake ali ozizira. "'Mwadzuka bwanji nyenyezi yanga? Osafooka. Ku Limbe musalephere, ndakusungirani malo pafupi ndi ine.'"

"Ku kampani aliyense amatchedwa nyenyezi, a Gondwe. Eneless nayenso amamulembera choncho."

"Eneless anamufunsirapo?"

"Mukudziwa kuti ndinamukana. Ndinasankha inu."

"Unamukana alibe kanthu."

Mawuwo anamulasa Enid kuposa mbama. Suzgo nayenso anaoneka kuti wawamva kulemera kwake, pakuti anakhala pansi n'kugwira kumutu.

"Siya bizinesiyi, Enid. Makina ndidzakugulira ena."

"Nanga mbuzi ya Eneless? Nanga amayi awiri aja? Ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti zinthu ziyenda. Ku Limbe kuli msonkhano waukulu, akuluakulu a kampani adzakhalako. Ndikawapemphe alandire katunduyu, amayiwa apezeko kangachepe. Ndikabwerako, ndasiya. Ndikulonjeza."

"Ubwerere tsiku lomwelo."

"Dzuwa lisanalowe ndidzakhala ndili pano."

Suzgo anamugwira dzanja mwachidule, ngati munthu wogwira chinthu chimene akuopa kuti chithyoka, kenako anachoka.

* * *

Msonkhano unachitikira mu holo ya hotelo ina ku Limbe. Munali nyimbo, kuomba m'manja, ndi mapemphero aatali. Anthu ovala masuti ankakwera kutsogolo kukachitira umboni za nyumba ndi magalimoto. Enid anadikira mpaka pamapeto, nafikira mayi wina wa kampani amene anali pa tebulo la pakhomo.

"Katundu wogulidwa sabwezedwa," anatero mayiyo akumwetulira. "Wofooka ndi amene amabweza. Mupemphere, mugwire ntchito."

Panja mvula inali itayamba, ya mkokomo, yosefukira m'ngalande. Stafford anamupeza pakhonde la holoyo.

"Tiyeni ndikakutuleni."

"Zikomo, ndikwera minibasi."

"Enid," anatero, kusiya ulemu wonse. "Katundu wa anzakowo ndingamugule ine lero lomwe. Mbuzi ya Eneless ingabwerere ziwiri. Ine ndili ndi nyumba ku Chigumula, ndilibe mkazi. Iwe uli ndi mwamuna amene mayi ake amubweretsera kale mkazi wina m'nyumba. Ukudikira chiyani, akuthamangitse?"

"Paja munati munabadwa mwatsopano."

"Mulungu safuna kuti uvutike."

"Musamutchule. Munadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti amayi othyola tiyi sangagule mabotolo amenewa. Simunkafuna wogulitsa inu."

Stafford anangokweza mapewa. "Galimoto ili apo. Ukasintha maganizo, nambala uli nayo."

Enid analowa mu mvulayo. Pofika pa siteji anali atanyowa mpaka mkati, ndipo makondakitala anamuuza kuti madzi adutsa pamwamba pa msewu kutsogoloko, minibasi za ku Thyolo zaleka kuyenda mpaka mawa. Anatulutsa foni kuti aimbire mphunzitsi mnzake wa Suzgo. Inali italowa madzi, yosayaka.

Mayi wina wogulitsa nthochi pa sitejipo anamumvera chisoni namutengera kwawo ku Bangwe. Anamupatsa chitenje chouma ndi mphasa. M'mawa anamuperekeza, ndipo chifukwa cha nkhawa Enid sanafunse n'komwe dzina lake.

* * *

Anafika kunyumba Lamulungu anthu atapita kale ku tchalitchi. Pakhonde anapeza a NyaMhango okha.

"Mwagona bwanji kwa amuna anu atsopano?"

"Amayi, msewu unatsekeka. Funsani aliyense."

"Unatsekekera inu nokha? Nanga galimoto yofiira ija sinaoneke kuno dzulo. Nayonso inagona ku Limbe."

Suzgo atabwera, Enid anagwada m'chipinda namufotokozera zonse, ngakhale mawu a Stafford sanabise. Suzgo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Mayi wa nthochiyo dzina lake ndani?"

"Sindinafunse."

"Nyumba yake ungailondole?"

"Kunali mvula, a Gondwe. Tinadutsa tinjira tambiri."

Suzgo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, sanamutukwane. Anangoti, "Ndamva," n'kutuluka. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Masabata otsatira anali olemera. A Lackson anabwera ndi mkulu mnzawo kudzamuuza kuti ayambe waima kaye ku kwaya ndi ku mgonero mpaka nkhani yake itaunikidwa. Eneless anafika ndi katoni yake pamutu, naitula pakhomo.

"Mwamuna wanga wandimenya chifukwa cha mbuzi ija," anatero, diso lili lotupa. "Iwe unandiuza kuti tapemphera, sizingakanike. Tenga mabotolo ako. Ukamwe ndi a Stafford akowo."

"Eneless, ndikhululukire. Ndidzayesetsa..."

"Usanditchule."

Makatoni anaunjikana pakona ya chipinda chogona. Suzgo ankagona atayang'ana kukhoma. M'mawa ankavala malaya amene Suwi wasita, kumwa tiyi amene Suwi wathira, ndipo tsiku lina Enid anawamva awiriwo akuseka m'Chitumbuka kukhitchini. Anali asanamve mwamuna wake akuseka kuyambira tsiku la ku Limbe.

Komabe panali tsiku limodzi. Enid anali kuchapa kuseri, misozi ikugwera m'beseni, Suzgo anabwera mwakachetechete n'kuyamba kumuthandiza kufinya bulangete.

"Amayi akufuna ndiitane ankhoswe," anatero. "Ndakana."

"Ndiye kuti mukundikhulupirira?"

"Ndikufuna kukukhulupirira, Enid. Tsiku lililonse ndimadzuka ndikufuna."

Anayanika bulangetelo limodzi, wina mbali iyi wina mbali iyo.

* * *

Chizungulire chinayamba mvula ikupita kumapeto. Enid anaganiza kuti ndi malungo, kapena madzi owawa a m'botolo aja, amene anali atasiya kumwa. Anakwera minibasi kupita kuchipatala cha pa Boma yekha.

Namwino anamufunsa mafunso angapo, namuyeza, kenako anamwetulira.

"Si malungo, mayi. Muli ndi pakati. Pakadali pang'ono, mwina miyezi iwiri."

Enid anagwira m'mphepete mwa bedi. Anapempha namwinoyo abwereze, ndipo anabwereza. Anatuluka akuseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka amayi a pa mzere anamuyang'ana modabwa. Mu minibasi anaimba chamumtima nyimbo zonse za kwaya zimene anamuletsa. Sanaganizeko za Limbe ngakhale pang'ono. Ankangoona nkhope ya Suzgo.

Sanapite kunyumba. Anatsikira pa sukulu, ana atangoweruka, napeza mwamuna wake yekha m'kalasi akufufuta bolodi.

"A Gondwe, Mulungu watiyankha. Ndachokera kuchipatala. Ndili ndi pakati."

Chofufutira chinagwa pansi. Kwa kamphindi nkhope ya Suzgo inawala ngati ya mnyamata uja amene ankayenda wapansi kupita kwa Mphuka. Anasuntha phazi limodzi kuti amukumbatire. Kenako anaima.

"Miyezi ingati?"

"Akuti mwina iwiri."

Suzgo anakhala pa desiki la ana, mawondo ali m'mwamba. Kuwala kuja kunazima.

"Musawerenge miyezi, chonde," anatero Enid. "Ndikukupemphani m'dzina la Yesu, musawerenge. Mwanayu ndi wanu. Palibe mwamuna wina amene anandikhudzapo."

"Enid, khala pansi."

"Sindikhala. Ndiyang'aneni."

Sanamuyang'ane. Anayankhula maso ali pa simenti.

"Chaka chatha, paja ndinati ndikupita ku Blantyre kukalemba mayeso a maphunziro apamwamba. Kunalibe mayeso. Ndinapita kwa dokotala. Anandiyeza kawiri. Vuto si iwe. Silinakhalepo iwe. Ndi ine."

Enid anabwerera m'mbuyo. Anatsamira khoma.

"Chaka chatha? Amayi anu akunditcha chumba, akubweretsa Suwi, ine ndikumwa zowawa m'mawa uliwonse, inu mukudziwa?"

"Ndinkachita manyazi."

"Ndinagulitsa makina anga. Ndataya Eneless. Mpingo wandiimitsa. Mawu amodzi okha, a Gondwe, mukanangonena mawu amodzi!"

"Ndikudziwa."

"Dokotalayo anati chiyani kwenikweni? Anati n'zovuta, kapena anati n'zosatheka?"

"Anati ndisayembekezere."

"Ndiye Mulungu wachita zimene dokotala sanayembekezere!"

Suzgo anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira, ndipo munalibe ukali, koma kutopa kokhakokha.

"Zaka zitatu m'nyumba mwanga, palibe. Usiku umodzi ku Limbe, pali mwana. Iweyo ukanakhala ine, Enid, ukanati chiyani?"

Asanayankhe, pakhomo la kalasi panamveka kulira kwa mbale yogwa. Onse anatembenuka. Suwi anali ataima pamenepo, chakudya cha aphunzitsi chitamwazika pa mapazi ake. Anayang'ana Enid, n'kuyang'ana Suzgo, ndipo zinali zoonekeratu kuti wamva zonse, za mimba ndi za dokotala zomwe.

"Suwi, taima!" anafuula Suzgo.

Koma mtsikanayo anali atayamba kale kuthamanga, kudutsa bwalo la mpira, kulunjika kunyumba kumene a NyaMhango anali atakhala pakhonde.